Banja la Booth

Banja la Booth ndi banja la anthu wamba la ku England limene mbiri yake inalumikizana ndi mbiri ya boma la Chiradzulu kudzera mwa Joseph Booth (1851–1932), mmishonale amene analemba ntchito John Chilembwe, kumubatiza ndi kupita naye ku America mu 1897. Banjali linachokera mu tauni ya Derby, ndipo m'mibadwo inayi anthu ake anakhalako ku New Zealand, Australia, Nyasaland, South Africa ndi United States. Silinali banja la mafumu kapena la eni minda ikuluikulu, amene mizere ya makolo awo imasungidwa m'mabuku apadera. Mbiri yake inadziwika bwino chifukwa anthu awiri a m'banja lomwelo anailemba. Woyamba ndi Emily Booth Langworthy, mwana wa Joseph Booth, amene buku lake linatuluka mu 1952. Wachiwiri ndi Harry Langworthy, mdzukulu wa Emily, amene buku lake linasindikizidwa ku Blantyre mu 1996.

Kwa ophunzira mbiri, banja la Booth ndi chitsanzo cha mmene mzere wa makolo a banja la anthu ogwira ntchito la ku England umafufuzidwira. Limaonetsanso kusiyana kwa zolemba zimene boma la Britain linkasunga za anthu a kwawo ndi zimene linkasunga za anthu a ku Chiradzulu pa nthawi imodzimodziyo.

Chiyambi cha banjali ku Derby

Derby ili m'chigawo cha Derbyshire, pakati pa dziko la England, m'mbali mwa mtsinje wa Derwent. Ndi umodzi mwa mizinda imene ntchito za m'mafakitale zinayambira. Fakitale yopota ulusi wa silika inamangidwa kumeneko cha m'ma 1721, ndipo mu 1844 kampani ya njanji ya Midland Railway inakhazikitsa likulu lake mu tauniyi. Anthu ambiri ankachoka m'midzi yozungulira kudzafuna ntchito. Mabanja otere ankakhala m'nyumba za lendi, ankasamukasamuka, ndipo ana ankayamba ntchito ali aang'ono. Lamulo lokakamiza ana onse a ku England kupita ku sukulu linabwera mu 1880.

Joseph Booth anabadwira mu tauniyi mu 1851. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 12, ndipo analeredwa ndi alongo ake atatu aakulu. Bambo ake anali a mpingo wa Unitarian, umene suvomereza chiphunzitso cha Utatu. Atafika zaka 14 Joseph anasemphana maganizo ndi bambo ake pa nkhani za chipembedzo ndipo anachoka pakhomo. Maphunziro ake ambiri anawapeza podziwerengera yekha mabuku. Asanakwanitse zaka 20 analowa mpingo wa Baptist. Mu 1868 anadziwana ndi Mary Jane Sharpe, ndipo anakwatirana mu 1872.

Ku New Zealand ndi ku Australia

Mu 1880 Joseph ndi Mary Jane anasamukira ku Auckland, m'dziko la New Zealand, kumene anayamba ulimi ndipo zinawayendera. Pa zaka zimenezo mabanja ambiri a anthu ogwira ntchito a ku Britain ankapita ku maiko a atsamunda chifukwa kumeneko malo olima anali osavuta kupeza, ngakhale kuti ambiri mwa malowo anali atalandidwa kwa eni nthaka. Cha m'ma 1887 banjali linasamukiranso ku Melbourne, m'dziko la Australia, kumene Booth anatsegula bizinesi ndipo anakhala munthu wodalirika mu mpingo wa Baptist wa m'dera lake.

Ku Melbourne Booth ankachita mitsutso ya poyera ndi anthu osakhulupirira kuti kuli Mulungu. Mu 1891 mmodzi wa iwo anamufunsa chifukwa chimene sankagulitsira chuma chake ndi kupita kukalalikira monga mmene Baibulo limene ankaliteteza limanenera. Booth anagulitsadi bizinesi yake ndi kukonzeka kupita ku Africa. Mu Okutobala chaka chomwecho, ulendo usanayambe, Mary Jane anamwalira. Booth ananyamuka ndi ana awo awiri, John Edward ndi Emily.

Ku Nyasaland

Booth anafika ku Blantyre mu 1892, atadutsa m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ali ndi Emily amene anali ndi zaka pafupifupi 9. Panali patangopita chaka chimodzi dziko la Britain litalengeza kuti derali lili m'manja mwake. Cholinga cha Booth chinali kukhazikitsa mishoni zodziimira pazokha, zopeza ndalama kuchokera ku ulimi ndi ntchito zamanja, potengera zimene William Carey anachita ku India. Anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, ndipo anathandizanso kuyambitsa Nyasa Industrial Mission ku Likhubula ndi Baptist Industrial Mission ku Gowa, m'boma la Ntcheu. Ankalipira antchito ake ndalama zambiri kuposa zimene azungu a m'maesiteti ndi mishoni zina ankapereka, ndipo zimenezi zinamudanitsa ndi azungu anzake.

John Edward anatsatira bambo ake ku Africa koma anamwalira mu 1894 akadali mnyamata. Mu 1896 Booth anakwatira mkazi wachiwiri, Annie Watkins, amene anabereka naye mwana wamkazi, Mary Winifred.

Mu 1897 Booth anatulutsa buku lotchedwa Africa for the African, limene linadzudzula maiko a ku Ulaya chifukwa chogawana Africa. Mu 1899 analemba chikalata chopita kwa Mfumukazi Victoria chopempha kuti ndalama za msonkho wa nyumba zizigwiritsidwa ntchito pa maphunziro a anthu akuda, ndiponso kuti ulamuliro wa dzikoli ubwerere kwa eni ake pakatha zaka 21. Bwanamkubwa Alfred Sharpe anafuna kumugwira, ndipo Booth anathawira ku Mozambique kwa kanthawi. Pa nyengo yomweyo anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo mothandizidwa ndi mpingo wa Seventh Day Baptist. Mu 1902 mishoniyi inagulitsidwa kwa a Seventh-day Adventist, ndipo pambuyo pake inatchedwa Malamulo. Booth anachoka ku Nyasaland komaliza mu 1903.

Ubale ndi John Chilembwe

John Chilembwe, wa ku Chiradzulu, anayamba ntchito ya pakhomo kwa Booth mu 1892. Ankaphika, ankamasulira chilankhulo, ndipo ankasamalira Emily pamene mwanayo ankadwala malungo bambo ake ali pa ulendo. Booth anamubatiza pa 17 Julayi 1893. Mu 1897 awiriwa anapita ku United States, kumene Chilembwe anaphunzira pa sukulu ya ubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, mothandizidwa ndi bungwe la National Baptist Convention. Atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe anatsogolera anthu ake kuukira ulamuliro wa atsamunda. Zifukwa zikuluzikulu zinali thangata, nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kuotchedwa kwa matchalitchi a mishoni yake pa esitetiyo, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915 m'boma la Mulanje. Booth anali atachoka ku Nyasaland zaka zoposa khumi m'mbuyomo ndipo ankadana ndi nkhondo ya mtundu uliwonse, komabe boma linamukayikira kuti maganizo ake ndiwo anabala kuukirako. Chaka chomwecho anathamangitsidwa ku Basutoland, kumene masiku ano ndi ku Lesotho, n'kubwezedwa ku Britain.

Zaka zomaliza za Joseph Booth

Pakati pa 1903 ndi 1915 Booth anakhala nthawi yaitali ku South Africa, kumene ankaphunzitsa anthu ochokera ku Nyasaland ndi kuwatumizira mabuku. Mwa iwo munali Elliot Kamwana, amene anabweretsa chiphunzitso cha Watch Tower ku Nkhata Bay mu 1908. Ankalemberananso makalata ndi Charles Domingo, amene anatsogolera mipingo ya Seventh Day Baptist ku Mzimba. Nkhondo itatha, mu 1919, Booth anabwerera ku South Africa. Annie anamwalira komweko mu 1921, ndipo mu 1924 Booth anakwatira mkazi wachitatu, Lillian Webb. Pambuyo pake anabwerera ku England, ndipo anamwalira pa 4 Novembala 1932 ku Weston-super-Mare, kumene anaikidwa m'manda.

Mbadwa zimene zinalemba mbiri ya banjali

Emily anakakhazikika ku United States ndipo anakwatiwa ku banja la Langworthy. Atakalamba analemba zimene ankakumbukira za ubwana wake ku Mitsidi, ndipo buku lake, This Africa Was Mine, linatuluka mu 1952. Ndi limodzi mwa mabuku ochepa olembedwa ndi munthu amene anakhala nyumba imodzi ndi Chilembwe asanapite ku America. George Shepperson ndi Thomas Price anagwiritsa ntchito umboni wa Emily polemba Independent African, buku la 1958 limene mpaka lero ndi maziko a maphunziro a mbiri ya Chilembwe.

Harry Langworthy, mdzukulutuvi wa Joseph Booth, anali mphunzitsi wa mbiri pa Cleveland State University ku America. Kafukufuku wake woyamba sanali wa banja lake. Anafufuza mbiri ya ufumu wa Undi, umodzi mwa maufumu a Amaravi, umene unali m'madera amene masiku ano ali kum'mawa kwa Zambia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique ndi m'chigawo chapakati cha Malawi. Pa ntchito imeneyo, imene anaimaliza mu 1969 pa Boston University, anadalira kwambiri mbiri ya pakamwa ya Achewa. Pambuyo pake anatha zaka zambiri akusonkhanitsa makalata a m'banja, zolemba za mipingo ndi za maboma m'maiko onse amene agogo ake anakhalako. Buku lake lofotokoza moyo wa Joseph Booth linasindikizidwa mu 1996 m'gulu la mabuku a Kachere, ndipo linatenga mutu wa buku la Booth la 1897.

Mmene mzere wa banja lotere umafufuzidwira ku England

Wofufuza amayambira pa munthu wodziwika bwino n'kumabwerera m'mbuyo m'badwo umodzi pa nthawi. Sadumpha m'badwo, ndipo savomereza kuti wakuti anabala wakuti pokhapokha zolemba ziwiri kapena zingapo zitagwirizana pa dzina, malo, msinkhu ndi ntchito. Mabanja a anthu ogwira ntchito kawirikawiri sankasiya mawilo, zikalata za malo kapena zithunzi zojambulidwa, choncho wofufuza amadalira zimene boma ndi mipingo zinalemba.

Gwero loyamba ndi kaundula wa boma wa kubadwa, ukwati ndi imfa, amene anayamba pa 1 Julayi 1837 ku England ndi Wales. Chikalata cha kubadwa chimatchula tsiku, malo, dzina ndi ntchito ya bambo, komanso dzina limene mayi anali nalo asanakwatiwe. Dzina la mayilo ndi limene limathandiza kupeza chikalata cha ukwati wa makolo, ndipo chikalata cha ukwati chimatchula abambo a mkwati ndi mkwatibwi pamodzi ndi ntchito zawo. Motero zikalata ziwiri zimafikitsa wofufuza kwa agogo aamuna. M'zaka zoyambirira ana ena sankalembetsedwa, mpaka mu 1875 pamene udindo wolembetsa mwana unaikidwa pa makolo ndipo olephera ankalipitsidwa. Mayina a amayi a okwatirana anayamba kulembedwa pa zikalata za ukwati mu Meyi 2021, kutanthauza kuti kwa zaka zoposa 180 kaundulayu ankatsatira mzere wa kuchimuna wokha.

Gwero lachiwiri ndi kalembera, amene wakhala akuchitika zaka khumi zilizonse kuyambira mu 1801. Kalembera wa 1841 ndi woyamba amene anasunga mayina a anthu onse a m'nyumba iliyonse, koma misinkhu ya anthu opitirira zaka 15 inkatsitsidwa kuti ithere pa 5 kapena 0. Kalembera wa 1851, chaka chimene Joseph Booth anabadwa, anayamba kulemba msinkhu weniweni, malo obadwira, ndi ubale wa munthu aliyense ndi mwini nyumba. Poyerekeza makalembera otsatizana, wofufuza amaona mmene banja linkasamukira, ana amene anabadwa ndi amene anamwalira, ndi msinkhu umene ana anayambira ntchito. Mapepala a kalembera amabisidwa kwa zaka 100. A 1921 anatsegulidwa mu Januwale 2022, a 1931 anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 kalembera sanachitike chifukwa cha nkhondo. Mpata umenewu umatsekedwa pang'ono ndi kaundula wapadera wa 1939.

Kuti afike zaka za m'mbuyo mwa 1837, wofufuza amapita ku mabuku a matchalitchi. Maparishi a Church of England analamulidwa mu 1538 kuti azilemba maubatizo, maukwati ndi maliro. Mabuku a maparishi a ku Derbyshire amasungidwa ku Derbyshire Record Office mu tauni ya Matlock. Mabanja a m'mipingo ina, monga Unitarian ndi Baptist, amavutirapo, chifukwa mipingoyi inkasunga mabuku akeake, ndipo a Baptist sabatiza makanda. Ambiri mwa mabuku amenewa anasonkhanitsidwa ndi boma mu 1837 ndi 1857, ndipo masiku ano ali ku National Archives ku Kew, mu mzinda wa London. Chothandiza n'chakuti kuyambira mu 1754 mpaka 1837 pafupifupi aliyense, kupatula Ayuda ndi a Quaker, ankayenera kukwatira mu tchalitchi cha Church of England, choncho ukwati umapezeka m'buku la parishi ngakhale banjalo linali la mpingo wina.

Banja losamukira kunja limafuna zolemba za maiko ena. Mindandanda ya anthu okwera sitima za pamadzi kuchoka ku Britain imene boma linasunga imayambira mu 1890, pamene a Booth anachoka mu 1880. Pa ulendo ngati umenewo wofufuza amayang'ana zolemba za dziko lofikirako ndi nyuzipepala zakale, zimene masiku ano zili pa intaneti kudzera pa Papers Past ya ku New Zealand ndi Trove ya ku Australia. Zikalata za imfa za m'chigawo cha Victoria, kumene Mary Jane anamwalirira, n'zodziwika kuti zimanena zambiri kuposa za ku England, chifukwa zimatchula makolo a womwalirayo, mwamuna kapena mkazi wake, ndi ana ake.

Msampha waukulu pa ntchitoyi ndi kufanana kwa mayina. Dzina lakuti Booth n'lofala kumpoto ndi pakati pa England, ndipo William Booth, amene anayambitsa Salvation Army, anabadwira ku Nottingham, pafupi ndi Derby. M'mbiri ya Chilembwe yokha dzina lakuti Sharpe likupezeka katatu: Mary Jane Sharpe, bwanamkubwa Alfred Sharpe, ndi Dr Daniel Sharpe Malekebu, mbadwa ya ku Chiradzulu imene inatsegulanso Providence Industrial Mission mu 1926. Kufanana kwa dzina pakokha si umboni wa ubale.

Kuyerekeza ndi mabanja a ku Chiradzulu

Pamene tsiku la ukwati, la ulendo ndi la imfa ya Joseph Booth lili m'zikalata, kubadwa kwa John Chilembwe sikunalembedwe ndi aliyense pa nthawi imene kunachitika. Kabuku kena kofalitsidwa ku America mu 1914 kanati anabadwira ku Sangano, m'boma la Chiradzulu, mu 1871. Booth ananena kuti bambo ake a Chilembwe anali Myao ndipo amayi ake anali Mmang'anja wogwidwa pa nkhondo. Mayina akuti Kaundama, la bambo, ndi Nyangu, la mayi, anachokera m'mbiri ya pakamwa imene inasonkhanitsidwa patapita zaka zambiri. Manda a Booth ndi odziwika, koma Chilembwe anaikidwa mwachinsinsi ndi boma la atsamunda popanda chizindikiro, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri anthu ena ankakhulupirira kuti sanaphedwe.

Kusiyanaku kunachokera ku malamulo. Lamulo la 1904 lolembetsa kubadwa ndi imfa ku Nyasaland linkakakamiza azungu ndi amwenye okha. Anthu akuda ankalembedwa makamaka ngati okhoma msonkho, antchito a pa esiteti, asilikali kapena oimbidwa milandu. Kuonjezera apo, moto umene unaotcha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga zolemba zambiri za zaka zoyambirira. Lamulo lokakamiza Amalawi onse kulembetsa linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo kalembera wa ziphaso za unzika anachitika m'dziko lonse mu 2017.

Izi sizitanthauza kuti mabanja a ku Chiradzulu alibe mizere. M'madera a mafumu monga Nchema, Mpama, Kadewere, Likoswe, Chitera ndi Nkalo, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amatsatira mzere wa kuchikazi. Mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo woyang'anira mbumbayo ndi malume, amene amatchedwa mwinimbumba. Pa ukwati wa chikamwini mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi, choncho azimayi a m'badwo ndi m'badwo amakhala pa mudzi umodzi, amalima minda imodzimodziyo ndipo amaikidwa m'manda amodzi. Wofufuza amene angatsatire dzina la bambo monga amachitira ku England amasochera msanga, chifukwa abambo ankachokera ku midzi ina ndipo ena ankabwerera kwawo ukwati ukatha. Njira yoyenera ndi kutsatira mayi, agogo aakazi ndi amayi awo, mpaka kwa kholo lachikazi limene linafika pa malopo poyamba.

Mayina nawonso amasintha. Munthu ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali, la paubatizo kapena la ku mzikiti, ndi lina limene analembetsa kwa kapitawo pa esiteti kapena ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare. Nthawi zambiri dzina loyamba la bambo ndi limene mwana ankalembetsa ku sukulu ngati dzina lachiwiri, moti abale a mimba imodzi koma abambo osiyana amakhala ndi mayina osiyana. Mabanja ambiri a Alomwe anafika m'bomali kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo anakhazikika pa maesiteti monga alendo ogwira thangata. Mizere yawo imadutsa malire a dziko, ndipo imakumbukiridwa potchula mapiri, mitsinje ndi magulu monga Amihavani, Amanyawa, Amarenje ndi Akhokhola.

Zolemba zothandiza zilipo ngakhale zili zobalalika. Mabuku a ubatizo ndi ukwati a mishoni zakale, monga ya Katolika ya Nguludi ndi ya Blantyre, amatchula makolo ndi midzi. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku a ma DC ofotokoza mafumu ndi midzi yawo, pamodzi ndi mapepala a milandu ya 1915. Umboni umene anthu anapereka ku komiti yofufuza za kuukirako unasindikizidwa ndi John McCracken mu 2015 m'buku lotchedwa Voices from the Chilembwe Rising. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, mu mzinda wa Blantyre, imasunga mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Landeg White, m'buku lake la 1987 lonena za Magomero, anaphatikiza zolemba zoterezi ndi zimene anamva kwa anthu a m'midzi, ndipo anatsatira mbiri ya dera limodzi kuyambira mu 1859 mpaka m'ma 1980.

Ku England anthu ambiri amafufuza makolo awo pofuna kungodziwa kumene anachokera. Ku Chiradzulu, limene ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri ndi anthu m'Malawi, mzere wa makolo umagamula nkhani za tsiku ndi tsiku. Mlandu wa malire a munda ukafika kwa nyakwawa kapena kwa gulupu, funso loyamba limakhala lakuti mundawo unali wa gogo uti ndipo odandaulawo ndi a bere liti. Polonga ufumu, mbumba imawerenga mawere a banja lachifumu kuti idziwe loyenera kupereka mfumu. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola kulembetsa malo otere, lachititsa kuti zimene kale zinkasungidwa m'mitu ya akuluakulu zizifunikanso pa pepala. Agogo odziwa mizere akamwalira asanafunsidwe, palibe kaundula wa boma amene angabwezeretse zimene ankadziwa.

Banja lina la anthu ogwira ntchito m'mbiri ya Chiradzulu

Banja la Livingstone, la ku Scotland, nalonso linachokera kwa anthu ogwira ntchito. David Livingstone anayamba ntchito mu fakitale ya thonje ku Blantyre ya ku Scotland ali ndi zaka 10. Mu 1861 anaperekeza amishonale a UMCA, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, kukakhazikika ku Magomero. Mwana wake Agnes anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, wa bizinesi wa ku Edinburgh, amene anagula malo aakulu ku Magomero. Mwana wawo, Alexander Livingstone Bruce, ndiye ankayendetsa esitetiyo, ndipo woyang'anira ntchito wake, William Jervis Livingstone, anaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915. Choncho m'mibadwo itatu banja limeneli linachoka pa ntchito ya mu fakitale n'kukhala eni malo ogwiritsa anthu thangata, pamene Joseph Booth, amene anagulitsa chuma chake mu 1891, anatha zaka zake zomaliza ali wosauka ndiponso wokanizidwa kulowa mu Nyasaland.

Zotsalira za banjali m'Malawi

Mipingo ingapo ya m'Malawi imachokera ku ntchito ya Joseph Booth. Zambezi Evangelical Church inachokera ku mishoni ya Mitsidi, Evangelical Church of Malawi inachokera ku Nyasa Industrial Mission, mishoni ya Gowa inapita m'manja mwa Churches of Christ, ndipo Malamulo ndi likulu lakale la ntchito za chipatala ndi maphunziro za Seventh-day Adventist. Providence Industrial Mission ikadali ku Mbombwe, ndipo chaka chilichonse pa 15 Januwale dziko la Malawi limakumbukira John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama za pepala za dzikoli.